Chinsinsi cha Wovina Wodumpha Chili Pansi

 Lero tikamba za kudumpha. Sindikunena kudumpha ngalande kapena mpanda, koma kudumpha kwa wovina, kuja amati akanyamuka pabwalo amayi nthungululu, ena manja kukamwa, mnzako n'kukukodola amvekere: "Wamuona? Waima m'malere!"

Kodi munthu angaimedi m'malere? Ngati sangaime, n'chiyani chimene maso athu amaona? Nanga ovina awiri akaphunzira gule mmodzi kwa mphunzitsi mmodzi, zimatheka bwanji kuti wina azikwera mopepuka pamene mnzake amangoti nyamu, pomwepo khu?

Tiyambire ku Monte Carlo m'chaka cha 1911. Gulu la ovina a ku Russia lotchedwa Ballets Russes, limene ankatsogolera Sergei Diaghilev, linaonetsa koyamba gule wamfupi dzina lake Le Spectre de la rose. Nkhani yake njosavuta. Mtsikana wabwera kuchokera kudansi atanyamula duwa, wakhala pampando, tulo tamuba, ndipo kutuloko mzimu wa duwa lija ukubwera kudzavina naye. Mtsikanayo anali Tamara Karsavina, mzimu wa duwa anali mnyamata wotchedwa Vaslav Nijinsky. Pomaliza gule, Nijinsky ankathamanga n'kudumphira kunja kudzera pawindo lalikulu la pasiteji. Oonerera ankamuona akukwera, kenako zii, wasowa. Kutsika kwake sankakuona chifukwa kunkachitikira kuseri. Anthu ankatuluka m'holo akuuzana kuti mnyamatayu amauluka, ndipo mbiri imeneyo ikumvekabe patatha zaka zoposa 100. Kanema woonetsa Nijinsky akuvina palibe, choncho palibe amene angamuyeze lero. Koma malamulo amene thupi lake linkamvera ndi omwewo amene thupi lanu ndi langa limamvera, ndipo amenewo ndiye tingawayeze.

Lamulo loyamba ndi lowawa kwa wovina aliyense. Mapazi akangosiyana ndi nthaka, mlandu watha. M'mwamba mulibe chopondapo, mulibe chogwirira. Kaya utambasule manja, kaya upalase miyendo, sungawonjezere ngakhale sentimita imodzi pa ulendo umene wauyamba. Utali umene ukwere ndi nthawi imene ukhale m'malere zimadalira chinthu chimodzi chokha: liwiro limene unali nalo pamene chala chomaliza chimachoka pansi. Kuyambira pamenepo mwini bwalo ndi mphamvu ya dziko imene imakokera chilichonse pansi, ndipo mphamvu imeneyi siyang'ana nkhope. Sekondi iliyonse imachotsa pafupifupi mamita 10 pa sekondi pa liwiro la chinthu chokwera, kaya ndi mwala, kaya ndi mpira, kaya ndi katswiri wa gule.

Tiike manambala, ndipo ndiwatchula pang'onopang'ono. Munthu akakhala m'malere theka la sekondi, ndiye kuti wakwera masentimita 31 okha, osafika n'komwe pa bondo la munthu wamkulu. Kuti akwere masentimita 50 ayenera kuchoka pansi pa liwiro lopitirira pang'ono mamita 3 pa sekondi, ndipo chimene wapindula ndi kanthawi kongoposa theka la sekondi lija pang'ono. Nanga kuti akhale m'mwamba sekondi yathunthu? Ayenera kukwera mita imodzi ndi masentimita 23. Mwamva kuvuta kwa malonda ake: kuti nthawi iwirikize kawiri, utali uyenera kuwirikiza kanayi. N'chifukwa chake ngakhale ovina odziwika kwambiri amachita zonse zimene timawatama nazo m'kanthawi kosakwana sekondi imodzi. M'chaka cha 1973, Wayne Sleep wa gulu la Royal Ballet ku London, munthu wamfupi ndithu, anaonetsa pa kanema wa BBC kadumphidwe kotchedwa entrechat douze, kopingasa miyendo ndi kuipingasula maulendo angapo asanatere. Zonsezo zinakwana m'kanthawi kochepera sekondi. Luso lake silinali kutalikitsa nthawi, koma kudzaza kanthawi kochepako ndi zambiri.

Ndiye kuti maso athu amatinamiza? Inde, pang'ono, ndipo amanamizika m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi iyi. Wodumpha amachoka pansi ndi liwiro lalikulu, n'kumachedwa pamene akukwera, kufikira pansonga pamene liwiro lokwera limatheratu, kenako amayamba kutsika pang'onopang'ono asanathamangenso. Mukagawa utali wa ulendo wake m'zigawo zinayi, mupeza kuti theka la nthawi yonse amalithera m'chigawo chapamwamba chokhacho. Zigawo zitatu zapansi amangodutsamo mofulumira. Diso limasunga chimene laona nthawi yaitali, ndipo chimene laona nthawi yaitali ndi munthu ali pamwamba.

Njira yachiwiri ndi yokoma kwambiri, koma kuti timvane tiyambe taonana ndi Giovanni Borelli, katswiri wa ku Italy amene buku lake lofotokoza kayendedwe ka nyama ndi anthu linatuluka mu 1680, iye atamwalira kale. Borelli anagoneka munthu pa thabwa, n'kuika thabwalo pa kamtengo kosongoka, n'kumalisuntha mpaka litakhazikika osapendekera kumutu kapena kumiyendo. Malo amene linakhazikikawo anali cha m'chiuno. Amenewo ndiwo malo amene kulemera konse kwa thupi kumakumana, tinene kuti likulu la kulemera. Munthu akaima chilili manja ali m'mbali, likulu limeneli limakhala m'kati mwa chiuno, kunsi pang'ono kwa mchombo. Lamulo lija ndanena lakuti ulendo susintha limanena za malo amenewa, osati mutu kapena mapazi.

Tsono likulu la kulemera silinakhomedwe ndi msomali. Mukakweza manja, limakwera pang'ono m'thupi. Mukakweza miyendo, limakweranso. Kenneth Laws, mphunzitsi wa fizikisi pa koleji ya Dickinson ku Pennsylvania m'dziko la America, amene anayamba kuphunzira gule wa ballet ali wamkulu kale n'kulemba buku lotchedwa The Physics of Dance mu 1984, anafotokoza bwino zimene zimachitika pa kadumphidwe kotchuka ka grand jeté, kaja wovina amadumpha chamtsogolo mwendo wina kutsogolo wina kumbuyo. Pamene akukwera, amatambasula miyendo ndi kukweza manja, ndipo amafika potambasula kwambiri ali pansonga penipeni. Likulu la kulemera likupitirira kukwera monga mwa lamulo, koma popeza miyendo ndi manja zatenga gawo la kukwerako, mutu ndi chifuwa sizikweranso kwenikweni. Potsika amayamba kutsitsa miyendo, ndipo mutu umachedwa kutsika. Zotsatira zake n'zakuti kwa kanthawi mutu umayenda mopingasa, osakwera osatsika. Ife oonerera timayang'ana nkhope, sitiyang'ana mchombo, ndiye timalumbira kuti munthuyo anayandama. Lamulo silinaswedwe. Wovina wangodziwa kumene maso athu ali.

Ngati m'mwamba mulibe chochita kupatula kukongoletsa, ndiye kuti ntchito yeniyeni ya kudumpha ili pansi. Apa ndi pamene pagona nkhani yathu.

Amene muli ndi sikelo yoyezera thupi, ija ya muvi, tayesani izi koma osadumphapo. Imani pasikelopo, kenako pindani mawondo mwachangu n'kudzuka. Muona muvi ukuyamba watsika, kenako n'kuthamangira kutsogolo kupitirira kulemera kwanu. Kuthamangako ndiye mphamvu imene mapazi anu akukankha nayo pansi, ndipo pansi pamakubwezerani mphamvu yofanana nayo. Podumpha kwenikweni, mphamvu imeneyi imafika kuwirikiza kulemera kwa munthu kawiri kapena kuposa, ndipo kukankha konseko kumatenga pafupifupi kota ya sekondi. Liwiro lonyamukira limachokera pa zinthu ziwiri: kukula kwa mphamvu ndi kutalika kwa nthawi imene mphamvuyo yakhala ikukankha. Choncho sikokwanira kukhala ndi miyendo yamphamvu. Pali anthu onyamula matumba a chimanga tsiku lonse amene sangadumphe patali, chifukwa mphamvu yawo imabwera mochedwa. Wodumpha amafunika mphamvu yobwera msanga.

Kukankhaku kuli ndi ndondomeko yake. Kumayambira pamwamba kutsikira pansi. Minofu ikuluikulu ya m'matako ndi kumbuyo kwa ntchafu imawongola chiuno, ya kutsogolo kwa ntchafu imawongola bondo, ndipo pomaliza akatumba a kumwendo amakweza chidendene mpaka zala zitakankha komaliza. Chiuno, bondo, akakolo. Wina akayamba kukweza chidendene bondo lisanagwire ntchito yake, wataya gawo la mphamvu. N'chifukwa chake aphunzitsi a ballet amalimbikira kuti chidendene chifike pansi pokonzekera kudumpha.

Ndipo palibe amene amadumpha asanayambe watsika. Ovina ballet kutsika kumeneku amati plié, ndipo ndi phunziro loyamba la mwana aliyense wolowa m'kalasi. Asayansi anayerekeza madumphidwe awiri. Koyamba munthu amanyonyomala pang'ono, n'kudikira ali chomwecho, kenako n'kudumpha. Kachiwiri amayamba ali chilili, n'kutsika ndi kukwera nthawi imodzi osapumira pakati. Kachiwirika kamapambana ndi masentimita 2 mpaka 4. Maarten Bobbert ndi anzake a ku Amsterdam anafufuza chifukwa chake mu 1996, ndipo anapeza kuti chachikulu ndi nthawi. Mnofu suyaka nthawi imodzi. Umafuna kanthawi kuti mphamvu yake ikwane. Munthu akamatsika, minofu imayamba kale kugwira ntchito pomuletsa kuti asagwe, ndiye pamene akuyamba kukwera imakhala itadzuka kale. Wonyonyomala n'kudikira uja amataya chiyambi cha ulendo wake podzutsa minofu.

Manja nawonso ali ndi gawo lawo. Munthu akawaponya m'mwamba panthawi yoyenera, utali umawonjezeka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi, kapena kuposa. Apa ndi pamene wovina amasiyana ndi wosewera volebo kapena netibo. Wamasewera ali ndi ufulu: awerama mmene akufunira, aponya manja mmene akufunira, bola wafika pa mpira. Wa ballet alibe ufulu umenewo. Msana uyenera kukhala wowongoka, ndiye minofu ya m'matako sipeza mpata wonse wogwirira ntchito. Miyendo iyenera kutembenukira kunja kuchokera m'chiuno. Manja ali ndi njira yawo yoikidwa kale. Nkhope isaonetse kuti zinthu zavuta. Amapikisana ndi mphamvu yokoka ya dziko atamangidwa mbali zingapo, kenako timafuna kuti amwetulire.

Pamwamba pa zonsezi pali woimba. Nyimbo ikamagunda ka 120 pa mphindi, ndiye kuti kugunda kulikonse ndi theka la sekondi. Ngati wovina akuyenera kudumpha pa kugunda kulikonse, m'theka la sekondi limenelo muyenera kukwana kutera, kupinda, kukankha ndi kuuluka komwe. Tinene kuti kuuluka kwatenga magawo atatu mwa magawo khumi a sekondi. Masamu aja akuti wakwera masentimita 11 basi, kaya ali ndi mphamvu zotani. Akakwera kuposa pamenepo, atera mochedwa ndipo wataya nyimbo. Wamtali wa mapazi aatali ndiye amavutika kwambiri, chifukwa masentimita 11 samukwanira kuwongola phazi lonse m'malere. Aliyense amene anavinapo pabwalo akudziwa zimenezi ngakhale sanaziwerengere: woimba ng'oma akathamangitsa, umavinira pansi, akakoka, umapeza mpata wokwera. Utali wa wovina uli m'manja mwa wang'oma.

Tsopano gwirani kumbuyo kwa mwendo wanu, pamwamba pa chidendene. Chingwe cholimba chimene mwachigwiracho ndi mtsempha wa Achilles, wolimba kuposa mitsempha yonse yolumikiza mnofu ndi fupa m'thupi la munthu. Umagwira ntchito ngati mphira ya legeni: ukakokedwa umasunga mphamvu, ukamasulidwa umaibweza msangamsanga. Mu 1987, akatswiri a pa yunivesite ya Leeds ku England, mmodzi mwa iwo Robert McNeill Alexander, anaonetsa kuti munthu akamathamanga, mtsempha umenewu umasunga ndi kubweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya sitepe iliyonse, ndipo kukhota kwa kunsi kwa phazi kumabweza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6. Imeneyi ndi mphamvu yaulere, yosafuna kuti mnofu uipangenso. Koma ili ndi lamulo lake: ukachedwa pansi, imatayika.

Amene amaonetsa bwino zimenezi ndi anyamata achimasai a ku Kenya ndi Tanzania pa gule wawo wa adumu. Amaima mozungulira akuimba, mmodzi kapena awiri n'kulowa pakati, n'kuyamba kudumpha molunjika m'mwamba, thupi lili njo, manja ali m'mbali, mawondo akungopindika pang'ono, chidendene chosakhalitsa pansi. Sadumpha kamodzi n'kupuma. Amabwereza, ndipo kudumpha kulikonse kumadyera mphamvu ya kutera kwapitako. Wa ballet pa grand jeté amadalira kwambiri ntchafu ndi liwiro la kuthamanga kwake, pamene wa adumu amadalira akakolo ndi mtsempha uja. Komabe timadumphidwe tating'ono tachangu ta ballet, timene amati petit allegro, timayenda pa njira yomweyo ya Amasai. Magule awiri amene anabadwira kutalikutali anapeza chinthu chimodzi m'mwendo wa munthu.

Kodi zimenezi tingaziyeze bwanji? Étienne-Jules Marey wa ku Paris, m'zaka za m'ma 1880, ankajambula munthu wodumpha zithunzi zambiri motsatizana pa galasi limodzi kuti aone njira imene thupi ladutsa. Mu 1921 Dudley Sargent, amene kwa zaka zambiri ankayang'anira zolimbitsa thupi pa yunivesite ya Harvard, analemba za kayezedwe kamene kakudziwikabe ndi dzina lake. Masiku ano amakachita chonchi: paka choko kunsonga za zala, ima m'mbali mwa khoma, gusa pamene dzanja lafika, kenako dumpha n'kugusanso. Mpata wa pakati pa zizindikiro ziwirizo ndiwo utali wako. M'malo ochitira kafukufuku ali ndi chitsulo chokwiriridwa pansi chimene chimalemba mphamvu ya phazi maulendo mazanamazana pa sekondi. Koma ngakhale foni imathandiza. Mafoni ambiri a masiku ano amajambula zithunzi 240 pa sekondi. Werengani zithunzi kuyambira pamene phazi lachoka pansi mpaka pamene lagunda. Zikakhala 120, ndi theka la sekondi, masentimita 31 aja. Zikakhala 144, ndi masentimita 44. Chenjezo ndi limodzi: munthuyo atere miyendo ili yowongoka monga momwe ananyamukira. Akaipinda m'malere atalikitsa nthawi, ndipo foni imupatsa utali umene sanaufike.

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Wofuna kukwera wafunanso kutsika, ndipo kutsika ndiko kumene kumatha ovina. Liwiro limene wanyamuka nalo ndi lomwelo limene ubwere nalo, ndipo thupi liyenera kuliimitsa. Funso ndi lakuti uliimitsa pa mtunda wotalika bwanji. Titenge mtsikana wolemera makilogalamu 60 amene akutsika kuchokera pa masentimita 30. Akatera mouma, thupi n'kuima pa masentimita 5 okha, miyendo yake imasenza mphamvu yowirikiza kulemera kwake ka 7, ngati kuti wasenza makilogalamu 420. Akatera mofewa, n'kulola thupi kutsika masentimita 30 lisanaime, mphamvuyo imangowirikiza kawiri, makilogalamu 120. Munthu yemweyo, utali womwewo, koma katundu wosiyana kutalitali. Ndipo musaiwale kuti m'kalasi imodzi ya ballet ya ola limodzi ndi theka, wovina akhoza kudumpha maulendo okwana 200, nthawi zambiri n'kuterera mwendo umodzi.

N'chifukwa chake mwana wa ballet amaphunzitsidwa kutera kuyambira ali wamng'ono: zala ziyambe kugunda, kenako chikhatho cha phazi, kenako chidendene, bondo lipindike litalunjika pamwamba pa zala, chiuno chilandire zotsalazo. Ndondomeko ija yonyamukira yangotembenuzidwa. Mphunzitsi wabwino safunika makina kuti adziwe amene akulakwitsa. Amamva ndi khutu. Phokoso la phi! ndi umboni wakuti thupi laima mwadzidzidzi.

Maphunziro amenewa ali ndi phindu looneka. Okonda mpira mukudziwa kuvulala kwa mtsempha wa m'kati mwa bondo umene madokotala amautchula kuti ACL, kuja kumakhazika wosewera panja miyezi yambirimbiri. Mtsemphawu umagwira fupa la msongolo kuti lisaterereke kupita kutsogolo, ndipo umaduka kawirikawiri munthu akatera bondo litagwera m'kati. Marijeanne Liederbach ndi anzake a ku Harkness Center for Dance Injuries ku New York anatsatira ovina 298 kwa zaka 5, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2008. Amene anaduka mtsemphawu anali 12 okha, ochepa poyerekeza ndi osewera mpira wamiyendo kapena basketball, ngakhale kuti ovina amadumpha tsiku ndi tsiku. Mwa anthu 12 amenewo, 11 anavulala potera ndi mwendo umodzi. Chinanso chimene anapeza n'chakuti ambiri anavulala chakumapeto kwa tsiku komanso chakumapeto kwa nyengo ya zionetsero. Luso analinalo, koma kutopa kunawalanda. Mnofu wotopa umachedwa kudzuka, ndipo potera kuchedwa pang'ono pokha n'kokwanira kuti katundu yense agwere pa mtsempha.

Si kuvulala konse kumene kumabwera tsiku limodzi. Kwina kumasonkhana mwakachetechete. Fupa likamagundidwa mobwerezabwereza limachita timing'alu tosaoneka ndi maso, ndipo thupi limatikonza munthu akapuma ndi kudya mokwanira. Kupuma kukachepa, timing'alu timaposa okonza. Mwa ovina ballet zimenezi zimapezeka kawirikawiri pa fupa la m'phazi lolunjika chala chachiwiri komanso pa msongolo. Ena amamva kuwawa kunsi kwa fupa lozungulira la pabondo, pamene mtsempha wa ntchafu umadutsa. Atsikana amene amadzimana chakudya kuti aoneke ochepa thupi ali pangozi yaikulu, chifukwa thupi likaperewera chakudya mpaka mtsikana kusiya kupita kumwezi, mafupa ake amayamba kufooka. Kumeneko si kulimbikira ntchito. Ndi chizindikiro choti akaonane ndi achipatala.

Pali mantha ena akale pakati pa ovina, akuti ukanyamula zitsulo miyendo itupa ndipo uoneka wolemera. Yiannis Koutedakis ndi Craig Sharp anayesa zimenezi ndi amayi ovina ballet ngati ntchito, ndipo anasindikiza zotsatira mu 2004. Patatha masabata 12 akulimbitsa minofu ya m'ntchafu, mphamvu zinawonjezeka koma ntchafu sizinakule. Kuvina kokha sikupatsa mwendo mphamvu zonse zimene kuvinako kumafuna. Magulu akuluakulu a ballet lero amalemba ntchito anthu a mafizo ndi aphunzitsi a zolimbitsa thupi pa chifukwa chimenechi.

Chatsala ndi pansi penipenipo. Kumene ballet amaitenga ngati ntchito, savinira pa simenti. Amayala matabwa pamwamba pa timitanda kapena timaphira, kuti pansi pazivomera pang'ono phazi likagunda. Kuvomera kochepako kumatalikitsa mtunda woimirapo uja tinawerengera, ndipo kukachulukitsidwa ndi maulendo 200 pa tsiku, kusiyana kwake kumamveka m'mawondo.

Apa nkhaniyi yafika pakhomo pathu. Makolo athu ankavinira pa dothi. Ingoma ya Angoni, ija amuna amamenya phazi pansi mpaka fumbi koboo, ndi ya pabwalo. Gule Wamkulu ndi wa pabwalo. Dothi lofukuka limamwa gawo la nkhonya ya phazi. Koma lero magulu ambiri a achinyamata, a magule amakolo ndi amakono omwe, amakonzekera m'makalasi, m'maholo a tchalitchi ndi pamakonde, ndipo monsemo ndi simenti yokhayokha, nthawi zina opanda nsapato. Gule ndi yemweyo, mphamvu ndi yomweyo, koma pansi pasintha, ndipo simenti sibweza chifundo. Mnyamata akayamba kudandaula msongolo, anzake amamuseka kuti ndi waulesi, mpaka tsiku limene adzalephere kuponda.

Ndiye kwa inu atsogoleri a magulu ovina, aphunzitsi a m'sukulu ndi okonza zisangalalo, pempho langa ndi losafuna ndalama zambiri. Zodumphadumpha zichitikire pa kapinga, pa dothi kapena pa matabwa, simenti isiyireni mayendedwe a pansi. Yambani ndi kutenthetsa thupi, ndipo zodumpha zovuta muziike pakati pa maphunziro, osati pomaliza pamene ana atheratu. Mwana asanaphunzire kukwera, aphunzire kutera: aime pa kachitunda kakang'ono, atsike, inu muyang'ane ngati bondo likugwera m'kati, mumvetsere ngati phazi likuchita phokoso. Muchite mwendo uliwonse pawokha, chifukwa pafupifupi aliyense ali ndi mwendo wina wofooka. Musawonjezere kuchuluka kwa zodumpha mwadzidzidzi chifukwa choti mpikisano wayandikira. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, koma anadumpha pang'onopang'ono. Ndipo ululu wokhala pamalo amodzi pa fupa, umene ukukula tsiku ndi tsiku, si woti n'kuupirira. Ndi wa kuchipatala.

Kwa inu amene mumaitana ovina paukwati, pamsonkhano kapena pachikondwerero, musanafunse kuti avina nyimbo zingati, funsani kuti avinira pati, adya chiyani, ndipo apuma nthawi yanji. Theka la sekondi limene mumaliombera m'manja limalipiridwa ndi mawondo a munthu, ndipo mawondo amenewo akuyenera kumufikitsa ku ukalamba.